Momwe nyimbo za rock zidapezera malo pa FM ku America

Anthu a ku America amene lero tsitsi lidachita mbuu ndi imvi, ukawafunsa za wailesi ya pa unyamata wawo, kawirikawiri sayamba n'kutchula nyimbo. Amayamba ndi mawu a munthu: pakati pa usiku, woulutsa akulankhula motsitsa, mosathamanga, akutchula mayina a nyimbo zisanu zimene wangoziika motsatizana popanda malonda pakati. Amakumbukira kawaya kamene ankakhomerera kukhoma kuti wailesi igwire bwino, kagetsi kofiira ka stereo kamene kankayaka ukalondola siteshoni, komanso chala chodikirira pa batani kuti nyimbo ikangoyamba aijambule pa kaseti. Nyengo imeneyi palibe amene adachita kuikonza. Idabwera chifukwa eni mawailesi ankaona FM ngati chinthu chopanda phindu.

Amene adatulukira FM ndi Edwin Armstrong, yemwe adalembetsa luso lakelo mu 1933. Vuto limene ankafuna kuthetsa amalidziwa aliyense amene adamverapo wailesi ya AM nthawi ya dzinja: mphenzi ikang'anima, wailesi imathetheka mawu n'kusokonekera. Pa FM phokosolo silimveka, ndipo mawu a zoyimbira amatuluka oyera. Koma makampani aakulu, makamaka RCA ya David Sarnoff, ndalama zawo zidali pa AM ndipo maso awo adali pa wailesi ya kanema. Mu 1945 bungwe la boma loyang'anira zoulutsa mawu, FCC, lidasamutsa FM kuchoka pa 42 mpaka 50 MHz kupita pa 88 mpaka 108 MHz pamene ili lero, moti mawailesi a FM amene anthu adali atagula kale adasanduka zokongoletsera m'nyumba. Armstrong adathera chuma chake pa milandu yolimbana ndi RCA, ndipo mu 1954 adadzipha.

Kwa zaka zambiri FM idangokhala ngati tsala. Masiteshoni ena ankaika nyimbo za classical, ena nyimbo zozizira zomvera m'masitolo, ndipo ochuluka ankangobwereza zomwe zikumveka pa siteshoni ya AM ya mwini yemweyo. Achinyamata adali pa AM, kumene kunkalamulira dongosolo la Top 40: nyimbo zochepa zomwe zikugulidwa kwambiri, zozungulira tsiku lonse, iliyonse yosapitirira kwenikweni mphindi zitatu, woulutsa akukuwa mothamanga pakati pa malonda. Bill Drake adalinola dongosololi pa KHJ ku Los Angeles mu 1965, ndipo lidabweretsa ndalama zambiri.

Zinthu ziwiri zidasintha nkhani. Mu 1961 FCC idaloleza stereo pa FM. Kenako idalamula kuti m'mizinda ya anthu oposa 100,000, siteshoni ya FM isabwereze zoposa theka la mapulogalamu a inzake ya AM, ndipo lamuloli lidayamba kugwira ntchito mu Januwale 1967. Eni ake adapezeka ali ndi maola ambirimbiri opanda choulutsa, pa wailesi imene otsatsa malonda sankaifuna. Akuluakulu adati ukaipa dziwa nyimbo. Njira yotchipa idali kupereka maolawo kwa anyamata ndi atsikana amene adali ndi zimbale zawozawo ndipo sankafuna malipiro ambiri.

Nthawi yomweyo nyimbo nazo zidali zitakula msinkhu. Oyimba adasiya kudalira kachimbale kakang'ono ka nyimbo imodzi mbali iliyonse, n'kuyamba kuika mtima pa chimbale chachikulu cha LP. Nyimbo ya The Doors yotchedwa "Light My Fire" ya mu 1967 ndi ya mphindi zisanu ndi ziwiri pa chimbale, koma kuti imveke pa AM adaidula kufika pa mphindi zosakwana zitatu, n'kuchotsa mbali yaikulu ya pakati pomwe gitala ndi organ zimatambasuka. Wofuna kuimva yonse ankayenera kugula chimbale kapena kupeza siteshoni yolimba mtima.

Ku New York, WOR-FM idayamba kuyesa zimenezi mu 1966. Koma dzina limene limatchulidwa kwambiri ndi la Tom Donahue wa ku San Francisco. Iyeyu sadali mlendo pa ntchitoyi: adali woulutsa wotchuka wa Top 40 pa KYA, ndipo adali mmodzi mwa okonza konsati yomaliza ya ulendo wa The Beatles ku Candlestick Park mu 1966. Top 40 idamutopetsa. Adapeza KMPX, kasiteshoni kosauka kamene kankagulitsa maola kwa anthu oulutsa m'zilankhulo zakunja, komwe Larry Miller adali atayamba kale kuika nyimbo zakezake usiku. Mu Epulo 1967 Donahue adatenga maola amadzulo. Lamulo lake lidali losavuta: woulutsa asankhe yekha, alankhule ngati munthu, asakuwe. Nyimbo ya Jefferson Airplane inkatha kutsatana ndi blues ya B.B. King, kenako sitar ya Ravi Shankar. Akafuna, ankaika singano pachiyambi cha chimbale n'kuisiya mpaka mbali yonse ithe.

Luso lenileni la oulutsawa lidali pa kulumikiza nyimbo. Munthu ali ndi makina awiri ozungulitsa zimbale, chomvera kumakutu, dzanja lagwira m'mphepete mwa chimbale chachiwiri, akudikira kuti mawu omaliza a gitala azilale kuti achimasule nthawi yake yeniyeni, ng'oma ya nyimbo yatsopano igwere pomwe inayo yasiyira. Nyimbo zinayi zikhoza kukhala zonse zokamba za mvula, kapena za nkhondo ya ku Vietnam, woulutsa osanena kanthu, womvera azindikire yekha. N'chifukwa chake anthu ankakonda woulutsa ngati m'bale. Ndikuona kuti apa ndi pamene padagona mtima wa nkhani yonseyi: nyimbo zabwino zidalipo kale m'masitolo, koma chimene FM idapereka ndi munthu wamakutu akuthwa amene wakhala pansi n'kukusankhira.

Mu Malichi 1968 ogwira ntchito pa KMPX adanyanyala ntchito atasemphana ndi mwini wake, ndipo ambiri adatsatira Donahue ku KSAN. Motowo udali utafalikira kale. WNEW-FM ya ku New York idayamba kumapeto kwa 1967 ndi Rosko ndi Scott Muni, ndipo Alison Steele, amene ankadzitcha Nightbird, ankawerenga ndakatulo pakati pa usiku asanaike nyimbo. KSHE ya ku St. Louis idayamba chaka chomwecho. WBCN ya ku Boston, imene idali ya nyimbo za classical, idalowa mu 1968.

Mphamvu imene woulutsa mmodzi adali nayo ikuoneka bwino pa zimene zidachitika ku Cleveland mu 1974. Donna Halper, amene ankasankha nyimbo pa WMMS, adalandira chimbale cha gulu losadziwika la ku Canada lotchedwa Rush, n'kuika nyimbo ya "Working Man". Cleveland ndi mzinda wa mafakitale, ndipo nyimbo ya munthu wolema ndi ntchito idawafika anthu pamtima. Mafoni adayamba kulira, ena akufunsa ngati chinali chimbale chatsopano cha Led Zeppelin. Chaka chomwecho Mercury Records idasainirana pangano ndi gululo.

Boma silinkagona tulo ndi masiteshoniwa. Mu 1971 FCC idachenjeza eni ake kuti ayenera kudziwa ngati mawu a nyimbo zawo akulimbikitsa mankhwala ozunguza bongo, ndipo ena adachita mantha n'kuyamba kusefa zimbale. Komabe chimene chidathetsa ufuluwo si boma ayi. Ndi ndalama. Omvera atachuluka, otsatsa malonda adabwera, ndipo mwini siteshoni amene poyamba sankasamala adayamba kufunsa chifukwa chake woulutsa wake akuika jazz ya mphindi khumi masana. Padabwera alangizi monga Lee Abrams, amene ankafufuza zokonda za ogula zimbale n'kugulitsa mndandanda umodzi kwa masiteshoni ambiri. Dongosololi lidatchedwa AOR (album-oriented rock), kutanthauza rock yosankhidwa m'zimbale za LP. Donahue adamwalira mu 1975. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, omvera FM adaposa a AM, ndipo woulutsa pa masiteshoni ambiri adali atasanduka wowerenga makadi.

Pali mbali ina imene okumbukira nyengoyi sakonda kuitchula, ndipo ine imandipweteka. Rock idachokera kwa anthu akuda, kwa Chuck Berry, Little Richard ndi oyimba blues amene adawatsogolera. Masiteshoni oyambirira aja ankadziwa zimenezi ndipo ankawaika. Mndandanda utafupikitsidwa, oyimba akuda ndiwo adayamba kuchotsedwa, kupatula ochepa ngati Jimi Hendrix, poti alangizi ankasaka anyamata achizungu. Pa 12 Julayi 1979, Steve Dahl, woulutsa wa WLUP ku Chicago amene ankanyoza nyimbo za disco, adaitana omvera ake kubwalo la baseball la Comiskey Park, aliyense abwere ndi chimbale cha disco, alowe ndi masenti 98. Adaphulitsa mulu wa zimbalezo pakati pa bwalo, khamu lidathamangira m'bwalomo, ndipo masewero achiwiri a baseball a tsikulo adalephereka. Ena mpaka lero amati zidali nthabwala chabe, koma oyimba ambiri a disco adali akuda, ndipo ambiri mwa iwo adamva uthenga wina.

Masiteshoni otchuka aja adagwa imodziimodzi. KSAN idasanduka ya nyimbo za country mu 1980. KMET ya ku Los Angeles idatha mu 1987, WNEW-FM idasiya rock mu 1999, ndipo WBCN idachoka pa FM mu 2009. Lamulo la mu 1996 lidachotsa malire a chiwerengero cha masiteshoni amene kampani imodzi ingakhale nawo m'dziko lonse, omwe adali 40, ndipo patangopita zaka zochepa kampani ya Clear Channel idali ndi oposa 1,200. Pa ambiri mwa amenewa, mawu a woulutsa amajambulidwiratu mumzinda wina, kompyuta n'kumawalowetsa pakati pa nyimbo zimene iye sadasankhe.