Ulendo wa kunyumba yomwe anabadwiramo David Livingstone ku Blantyre ya ku Scotland: mayankho pa zomwe mwakhala mukufunsa

Chilengezereni kuti tikukonza ulendo wa gulu wopita kukaona nyumba yomwe anabadwiramo David Livingstone, mafoni a komiti sakupuma. Ena akudandaula za ndalama, ena akufuna kalata yoitanira abale awo ochokera kumudzi, ndipo ena akuti malowo ndi aang'ono moti palibe chifukwa chobwerekera basi. Ife amene timakonza maulendo a aMalawi okhala kuno ku Scotland taona kuti ndi bwino tiyankhe zonsezi pamalo amodzi, kuti aliyense awerenge yekha asanapereke dzina lake.

Malowa ali kuti kwenikweni?

Ali pa Station Road m'tauni ya Blantyre, m'chigawo cha South Lanarkshire, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, makilomita pafupifupi 13 kuchokera ku Glasgow. Blantyre yathu ya ku Malawi inatenga dzina kuno pamene amishoni a Church of Scotland anakhazikitsa mishoni yawo mu 1876.

Bwanji tikulipitsidwa pakhomo pamene ku Kelvingrove ndi ku National Museum of Scotland timalowa ulere?

Funso ili ndi limene labweretsa phokoso kwambiri, choncho tilifotokoza bwinobwino. Kelvingrove ndi ya mzinda wa Glasgow, ndipo National Museum of Scotland ku Edinburgh imayendera ndalama za boma. Nyumba ya Livingstone si ya boma. Mwini wake ndi bungwe lachifundo la David Livingstone Trust, ndipo ndalama za pakhomo, za m'sitolo ndi za ku kafe ndi zina mwa zimene zimalipira antchito, magetsi ndi kusamalira nyumba yomwe inamangidwa m'zaka za m'ma 1780.

Ena akutiuza kuti boma linathirapo kale ndalama zambiri. Ndi zoona. Malowa anatsekedwa mu 2017 n'kutsegulidwanso mu July 2021, atakonzedwa ndi ndalama zokwana mapaundi 9.1 miliyoni zochokera ku National Lottery Heritage Fund, boma la Scotland ndi Historic Environment Scotland. Koma imeneyo inali ndalama yokonzera nyumba ndi zoonetsa. Yoyendetsera malo tsiku ndi tsiku ndi nkhani ina.

Mtengo wa tikiti sitiulemba pano dala, chifukwa umasintha, ndipo tikaulemba lero wina adzabwera nawo chaka chamawa n'kumati komiti yawonjezera. Onani mtengo pa tsamba la malowo pa intaneti tsiku lomwe mukulipira, mufananize ndi womwe takuuzani. Amene akuona kuti pali kusiyana abwere ndi umboniwo, tikhale pansi. Dziwaninso kuti chomwe mukupereka ku komiti chili ndi mbali ziwiri, tikiti yolowera ndi gawo lanu la basi, ndipo mbali yaikulu ndi ya basi. Palibe wa komiti amene amalandira malipiro pa ntchito imeneyi.

Paki yozungulira nyumbayo, pamodzi ndi malo osewerera ana, ndi yaulere. Amene thumba silikulola angathe kubwera, kukhala panja ndi ana, osalowa m'nyumbamo.

Koma ife ndife aMalawi. Sitiyenera kulowa ulere?

Tikumvetsa chimene chikukupangitsani kufunsa. Mbiri yomwe ili m'nyumbamo ndi yathunso, ndipo Malawi ndi Scotland anasainirana mgwirizano mu November 2005, nthawi ya Pulezidenti Bingu wa Mutharika ndi nduna yaikulu ya Scotland Jack McConnell. Mgwirizanowo ndi wa maboma, ndipo sasandutsa pasipoti kukhala tikiti. Komiti ilibe mphamvu pa mitengo ya eni malo. Chimene tingachite ndi kulemba kalata nthawi ikadalipo, kupempha mtengo wa gulu, ndi kukuuzani yankho monga momwe labwerera. Sitikulonjeza kanthu. Tikupempha kuti pasapezeke munthu wokakangana ndi wogulitsa matikiti pa nkhaniyi, chifukwa iye sapanga malamulo.

Amene muli ndi makhadi a ophunzira kapena osonyeza kuti ndinu okalamba, muwatenge pa ulendowu ndipo mutiuze polembetsa. Kunena pakamwa pokha kuti ndinu wa pa yunivesite sikuthandiza.

Ndili ndi khadi la National Trust for Scotland. Ligwira ntchito?

Bungwe limenelo linayendetsako malowa kuyambira 1999 koma linasiya mu 2017, choncho musadalire khadilo musanafunse eni malo.

Akandifunsa za Gift Aid ndiyankhe chiyani?

Malo ambiri oyendetsedwa ndi mabungwe achifundo kuno amafunsa funso limeneli. Ndi njira yomwe bungwe limatengera ku boma mapeni 25 pa paundi iliyonse yomwe mwapereka ngati mphatso. Wovomera ayenera kukhala munthu amene amakhoma msonkho ku Britain, ndipo msonkho wake wa chakacho ukhale wokwanira ndalama yomwe bungwelo lidzatenge. Ngati mwabwera kudzacheza, kapena ndinu wophunzira wosakhoma msonkho, ingonenani kuti ayi. Kusaina chifukwa cha manyazi kukhoza kukusiyirani ngongole ku HMRC, bungwe lotolera msonkho ku Britain.

Ndikalephera kupita mudzandibwezera ndalama?

Zitengera nthawi yomwe mwatiuza. Basi imabwerekedwa yonse, osati mpando umodziumodzi, ndipo eni basi amafuna chikole tsiku lisanafike. Tikangopereka chikolecho, gawo lanu la basi silingabwere pokhapokha papezeke wina wolowa m'malo mwanu. Gawo la tikiti tingabweze ngati tisanagule matikiti. Tikuvomereza kuti lamuloli limapweteka munthu amene wadwala kapena wagweredwa zovuta, ndipo nkhani za maliro ndi matenda tidzaziona payokhapayokha. Koma kusinthidwa shifiti kuntchito usiku woti mawa ndi ulendo sitingakuwerengere, chifukwa ndalamayo ingachoke m'thumba la anzanu otsalawo.

Ndingapite ndekha pa sitima?

Inde, ndipo kwa amene muli ku Glasgow njira imeneyi ndi yachidule. Kwerani pa Glasgow Central, pa mapulatifomu apansi, osati apamwamba pomwe pamanyamukira sitima za ku London. Ulendo wake ndi wa mphindi 20 kapena kupitirirako pang'ono. Chomwe chimasokoneza anthu ndi chakuti si sitima iliyonse yolembedwa Motherwell imene imadzera ku Blantyre. Yang'anani pa bolodi kuti dzina la Blantyre lili pa mndandanda wa masiteshoni, makamaka sitima zodzera ku Hamilton. Mukatsika, tsatani Station Road kutsetserekera kumtsinje, ndipo mufika mphindi 10 zisanathe. Musananyamuke onani masiku ndi maola otsegulira, chifukwa amasintha malinga ndi nyengo.

Akuti ndi kachipinda kamodzi basi. N'zoona?

Chipinda chomwe anabadwiramo pa 19 March 1813 ndi chimodzi ndithu, chachikulu ngati mamita 4 m'litali ndi 3 m'lifupi. Chili m'nyumba yosanja yotchedwa Shuttle Row, momwe munkakhala mabanja 24 a anthu ogwira ntchito m'fakitale ya thonje. Banja la Neil Livingstone ndi mkazi wake Agnes linkaphika, kudya ndi kugona m'chipinda chimenecho. Fakitaleyo inatha kale, ndipo Shuttle Row nayo ikanagwetsedwa pakanapanda anthu a ku Scotland, kuphatikizapo ana a Sande sukulu, amene anasonkha ndalama zoigulira. Inatsegulidwa ngati malo achikumbutso mu 1929.

Koma zipinda za mabanja ena aja ndizo zinasanduka malo oonetsera zinthu, ndipo munthu wofuna kuwerenga zolembedwa m'makoma apatule maola awiri. Mudzaona za ubwana wake, mmene anayambira ntchito m'fakitale ali ndi zaka 10, kulumikiza ulusi woduka kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, kenako n'kupita kusukulu yausiku. Mulinso malaya ofiira omwe amadziwika kuti anavala pokumana ndi mtolankhani Henry Morton Stanley ku Ujiji mu 1871, zida za ukapolo, ndi zosema za Pilkington Jackson zomwe zakhalamo chitsegulireni. Panja pali chiboliboli chachikulu cha mkango ukumugwira, kukumbukira zomwe zinachitika ku Mabotsa mu 1844 pamene mkono wake wamanzere unathyoka. Mwini maganizo a chibolibolicho anali Ray Harryhausen, katswiri wa zamakanema amene mkazi wake anali mdzukulutuvi wa Livingstone.

Chifukwa cha kuchepa kwa chipindacho, tidzalowa m'timagulu ta anthu ochepa. Amene muli ndi vuto la miyendo kapena mukubwera ndi njinga ya olumala mutiuze polembetsa, kuti tifunsiretu njira yabwino yolowera, poti nyumbayi ndi yosanja komanso yakale.

Polengeza ulendowu munalemba kuti ndi nyumba ya mlembi. Livingstone analinso mlembi?

Kusukulu tinamuphunzira ngati m'mishoni ndi woyenda maulendo, koma chomwe chinamutchukitsa kwa anthu wamba a ku Britain ndi buku. Missionary Travels and Researches in South Africa linatuluka mu 1857 kwa wosindikiza John Murray, ndipo linagulidwa makope pafupifupi 70,000. Mwiniwake analemba kumayambiriro kwa bukulo kuti kuli bwino adutsenso Africa kusiyana ndi kulemba buku lina. Analembabe lachiwiri mu 1865 pamodzi ndi mng'ono wake Charles, lonena za ulendo wa pa Zambezi ndi mitsinje yothira mmenemo, ndipo ili ndilo limakamba za Shire, Chilwa ndi Nyanja yathu, komwe anafika mu September 1859.

Chuma chenicheni cha malowa, mwa kuona kwathu, ndi zolemba pamanja. Mu 1871 ali ku Nyangwe, m'dziko lomwe lero ndi Democratic Republic of Congo, mapepala ndi inki zinamuthera. Anatenga nyuzipepala yakale ya The Standard, n'kumalemba pamwamba pa zosindikizidwazo ndi inki yopangidwa kuchokera ku njere za zipatso. Mmenemo ndi momwe analemba za kuphedwa kwa anthu ambirimbiri pamsika wa Nyangwe pa 15 July 1871. Inkiyo inafufutika ndi zaka, mpaka akatswiri anaijambula ndi kuwala kwa mitundu yosiyanasiyana n'kutulutsa mawu ake mu 2011.

Musayembekezere kuti pepala lililonse mudzalipeza pagalasi. Mapepala otere amawonongeka ndi kuwala, ndipo osunga zinthu zakale saalola kukhala poyera nthawi yaitali. Ophunzira ofuna kuona zolemba zenizeni alembere eni malo paokha nthawi ikadalipo. Zithunzi za zolemba zambiri zili pa tsamba la Livingstone Online, ndipo kuziona ndi kwaulere ngakhale muli ku Zomba kapena ku Chipata.

Bwanji tikukalemekeza munthu amene anatsegulira atsamunda njira?

Pa funso ili ngakhale ife a komiti sitigwirizana chimodzi, ndipo sitikakamiza munthu kupita. Palibe angatsutse kuti Nyanja sinkadikira mzungu kuti aitulukire, poti anthu ankawedza ndi kupalasa mabwato mmenemo kalekale. N'zoonanso kuti maulendo ndi mabuku ake anakopa amishoni ndi amalonda, ndipo mu 1891 dziko lathu linalowa m'manja mwa Britain. Ulendo wake wa pa Zambezi wa 1858 mpaka 1864 sunayende bwino: mathithi a Cahora Bassa anatseka njira yomwe ankaidalira, mishoni ya ku Magomero inataya Bishopu Mackenzie mu 1862, ndipo mkazi wake Mary anamwalira chaka chomwecho ku Shupanga. Mbali inayo, zomwe analemba za ukapolo zinathandiza kukakamiza kutsekedwa kwa msika wa akapolo ku Zanzibar mu 1873.

Chomwe tinganene ndi chakuti zoonetsa za 2021 zinayesetsa kubweza anthu a ku Africa m'nkhaniyi. Mudzamva za Abdullah Susi, ndi za James Chuma, Myao amene anamasulidwa kwa ogula akapolo kumapiri a Shire mu 1861 ali mnyamata. Livingstone atamwalira kwa Chitambo, ku Zambia ya lero, pa 1 May 1873, awiriwa ndi anzawo anakwirira mtima wake pansi pa mtengo, n'kunyamula thupi lake miyezi yambiri mpaka ku Bagamoyo. Ngati kuyesetsako n'kokwanira, mukaweruze nokha mutaona. Mukhoza kulemba maganizo anu kwa eni malo mwaulemu, ndipo komiti sidzaletsa aliyense.

Kodi manda ake ali pomwepo?

Ayi, ali ku Westminster Abbey ku London, komwe anaikidwa pa 18 April 1874.

Mungalembere amayi anga kalata kuti apeze viza yobwera pa ulendowu?

Sitingathe, ndipo tikupepesa kwa amene takhumudwitsa kale. Nzika za Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe zimafunika viza ya mlendo kuti zilowe mu Britain. Pempho limachitika pa tsamba la boma la gov.uk, ndipo mungathe kulipereka kutatsala miyezi itatu kuti munyamuke. Oona za viza amayang'ana amene adzalipire ulendo, komwe mlendo adzagone, ndi umboni woti adzabwerera kwawo. Ulendo wa tsiku limodzi wokaona nyumba yakale suyankha mafunso amenewo, ndipo kalata yonena kuti komiti idzasamala mlendo ingakhale yabodza. Kalata ilembedwe ndi inu amene mudzasunge mayi anuwo. Akafika, adzalembetse ngati wina aliyense.

Tingapemphere ndi kuimba m'chipinda chomwe anabadwiramo? Nanga zakudya ndi zithunzi?

Amayi a Mvano afunsa zimenezi. Chipindacho sichingakwane kwaya, ndipo pamakhala alendo ena akudikira kulowa. Pemphero ndi nyimbo tidzachitira panja pa udzu, titadziwitsa eni malo. Zakudya zomwe mwaphika kunyumba zisalowe m'zipinda zoonetsera, chifukwa nyenyeswa zimaitana tizilombo tomwe timadya nsalu ndi mapepala. Tidzadyera mu paki, ndipo aliyense adzatole zinyalala zake. Za zithunzi funsani pakhomo, koma m'gulu lathu fulashi ikhale yozimitsa. Tengani jekete la mvula ndi nsapato zosaterera ngakhale kutacha bwino, makamaka amene mukufuna kuwoloka mlatho wa oyenda pansi kupita tsidya la Bothwell. Basi idzanyamuka pa nthawi yomwe ili pa uthenga wanu wolembetsera, chifukwa dalaivala ali ndi malire a maola omwe lamulo limamulola kuyendetsa.