Ola limodzi la Maria: chimene Konami inawonjezera itabwezanso Silent Hill 2 pamsika

Mnzanga wina amene amakonda kutolera magemu akale anabwera kwathu ndi mabokosi awiri a PlayStation 2. Onse anali a Silent Hill 2, koma limodzi linali ndi mawu owonjezera akuti Director's Cut. Anawaika patebulo n'kundifunsa kuti, "Achimwene, inu mumadziwa za makompyuta, tandiuzani zoona. Anthu amenewa sanangotidyera ndalama kawiri? Gemu si yomweyi?" Ine ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu, ndipo zaka zambiri ndakhala ndikusamutsa mapulogalamu kuchoka pa makina ena kupita pa ena, ntchito imene anthu amaiona ngati yongokopera basi. Ndiye funso lakelo linandikhudza penipeni. Yankho lake ndi lakuti gemu ndi yomweyo, inde, koma pali ola limodzi pachimbale chachiwiricho limene limasintha mmene munthu amaonera maola ena onse.

Tiyambe ndi mtundu wa gemuyi, kwa amene simunaseweko. Mawu akuti survival horror anatchuka ndi Resident Evil ya kampani ya Capcom mu 1996, ndipo amanena za magemu amene munthu wako si ngwazi ayi. Zipolopolo n'zochepa, mankhwala ndi ochepa, mdani ndi wamphamvu kukuposa, ndipo nthawi zambiri nzeru ndi kuthawa. Konami inalowa m'bwaloli mu 1999 ndi Silent Hill yoyamba, yopangidwa ndi gulu la antchito ake ku Tokyo lotchedwa Team Silent. Yachiwiri inatuluka pa PlayStation 2 mu Seputembala 2001 ku America ndi ku Japan, ndipo ku Ulaya inafika mu Novembala. Wotsogolera anali Masashi Tsuboyama, nkhani analemba Hiroyuki Owaku, zilombo anajambula Masahiro Ito, nyimbo ndi phokoso lonse anakonza Akira Yamaoka.

Pasanathe miyezi itatu, mu Disembala 2001, gemuyi inatulukanso ku America pa makina atsopano a Microsoft, a Xbox, ili ndi dzina lalitali: Silent Hill 2: Restless Dreams. Ku Japan anaitcha Saigo no Uta, ku Ulaya Inner Fears. Kenako zowonjezera zomwezo anazibwezera pa PlayStation 2, ndipo ku Ulaya n'kumene anazipatsa dzina la Director's Cut lija. Mayina anayi, katundu mmodzi. Dzina la Director's Cut lisakunamizeni. Analibwereka ku mafilimu, kumene limatanthauza filimu monga mmene mwini wake anaifunira akuluakulu a kampani asanaidule. M'magemu nthawi zambiri ndi chikwangwani cha malonda chabe.

N'chifukwa chiyani ankachita zimenezi? Achinyamata amene anazolowera kuti gemu imadzikonza yokha usiku pa intaneti sangamvetse msanga. Mu 2001 chimbale chikangodindidwa kufakitale, zatha. Cholakwika chili mmenemo chikhala momwemo mpaka kalekale, ndipo ukafuna kuwonjezera kanthu, njira inali imodzi: kudinda chimbale china, bokosi lina, n'kubwereranso kusitolo. Komanso Xbox inali itangotuluka kumene mu Novembala 2001, yochokera ku kampani ya ku America imene inkafunitsitsa magemu a ku Japan. Munthu sangagule gemu ya miyezi itatu pa makina atsopano popanda kanthu komukopa. Capcom inali itayamba kale mchitidwewu. Resident Evil: Director's Cut ya mu 1997 inasuntha malo a zinthu ndi adani, n'kubwera ndi kachimbale kolawitsa Resident Evil 2 imene inali itachedwa. Code: Veronica, imene inayambira pa Dreamcast ya Sega mu 2000, inatulukanso pa PlayStation 2 mu 2001 ndi chilembo X kumapeto ndi timakanema towonjezera ta mphindi pafupifupi khumi. Zambiri mwa zimenezi ndi ndiwo zadzulo zotenthetsanso, zothiridwa tomato pang'ono. Za Silent Hill 2 n'zosiyana.

Pano ndiulula zina za m'nkhani, ndiye amene mukufuna kudzazipeza nokha mwachenjezedwa.

James Sunderland walandira kalata kuchokera kwa mkazi wake Mary, yomuitana ku tawuni ya Silent Hill. Vuto n'lakuti James akuti Mary anamwalira ndi matenda zaka zitatu zapitazo. Atafika m'tawuni yodzaza chifungayo, ku paki ya m'mbali mwa nyanja yotchedwa Rosewater akumana ndi mkazi wofanana ndi Mary nkhope ndi mawu omwe, koma wovala mokopa, wolankhula mosaopa, dzina lake Maria. Pa chimbale choyamba Maria timamuona ndi maso a James okha. Amatsatira pambuyo pako, amadandaula ukamusiya, amatopa, ndipo amafa kangapo pamaso pako n'kupezekanso wamoyo. Pang'onopang'ono umazindikira kuti mkaziyu si munthu wamba: tawuniyi yamuumba kuchokera mu mtima wa James, mu chilakolako chake ndi kudziimba mlandu kwake. Kumbali ya pulogalamu, Maria alinso ngati sikelo yobisika. Gemuyi imawerenga mwakachetechete zochita zako. Ukamamuteteza, ukamapita kukamuona kuchipinda chimene wagona m'chipatala cha Brookhaven, mathero ake amapendekera kwa iye. Ukamayenda ndi mabala osadzichiza, ukamayang'anitsitsa mpeni umene unalandira kwa Angela, mtsikana wina amene James amakumana naye m'tawunimo, amapendekera kwina. Palibe pamene gemu imakufunsa kuti sankha. Imangokuyang'ana.

Chowonjezera chachikulu pa chimbale chachiwiri ndi nkhani yaifupi yotchedwa Born from a Wish, kutanthauza wobadwa kuchokera m'chikhumbo, mmene iwe ndiwe Maria. Amadzuka yekhayekha m'kalabu ya usiku ya Heaven's Night, mfuti ili m'manja, osadziwa chochita, tawuni yonse ili zii. Alibe tochi, alibenso kawailesi kaja kamene kamalira chiphokoso mdani akayandikira, kamene James amadalira. Opanga gemu anangochotsa zida ziwiri, koma osewera amene anazolowera kuchenjezedwa ndi wailesi amayenda mosiyana m'misewu yomweyo. Imeneyi ndi ntchito yotsika mtengo koma yanzeru, mtundu wa nzeru umene ife olemba mapulogalamu timasirira.

Mbali yaikulu imachitikira m'nyumba ya banja la Baldwin, malo amene James salowamo n'komwe. Kuseri kwa chitseko kuli bambo wina, Ernest Baldwin, amene amalankhula koma sakufuna kutsegula. Nkhope yake suiona. Mwana wake wamkazi Amy anamwalira ali ndi zaka 7, ndipo Maria amakwera kuchipinda cha kudenga, n'kuyatsa kandulo ndi machesi, n'kupeza khadi imene mwanayo anakonzera bambo ake ya tsiku lawo lobadwa. Ernest amamupempha kuti akamutengere madzi oyera enaake ku mdadada wa nyumba zapafupi, poganiza kuti angabweze nawo mwana wake. Maria akuoneka kuti sakukhulupirira kwenikweni, komabe amapita. Atabwera nawo, Ernest amamuchenjeza za munthu wina dzina lake James Sunderland, kuti ndi munthu woipa. Maria atatsegula chitseko chija, m'chipindamo mulibe munthu.

Koma pamene pamandigwira ine si pamenepo. M'chipinda cha mwanayo muli chidole cha chimbalangondo. Ukachiyang'ana, Maria amanena kuti Laura angachikonde, kenako amadzidabwa yekha kuti Laura ameneyu ndi ndani. Laura ndi kamtsikana kamene kanacheza ndi Mary m'chipatala. Maria sanakumanepo nako. Ndiye kuti m'mutu mwake muli zokumbukira za munthu wina, ndipo iye mwini akuziona zikutuluka osadziwa kumene zachokera. Mizere iwiri yokha ya mawu, imene ungaidutse ngati sunadine batani pa chidolecho. Koma ukaiwerenga, Maria salinso chida choyesera James. Ndi munthu amene wazindikira kuti anapangidwira wina, ndipo chikondi chimene akumva sakudziwa ngati ndi chake. Kumapeto amaima pamsewu ndi mfuti ija, amalingalira zoipitsitsa, kenako n'kuiponya kuseri kwa khoma, n'kulowera m'chifunga kukakumana ndi James. Ukabwerera ku nkhani yaikulu, ukamuona ataima pa Rosewater akumwetulira, umadziwa kumene wachokera ndiponso kuti wabwera dala. Kumusiya kumbuyo pothawa chilombo kumayamba kuwawa.

N'chifukwa chake ndimalangiza aliyense kuti asayambe ndi nkhani yaifupiyi, ngakhale kuti m'nthawi imachitika James asanakumane naye. Mphamvu yake ili pa zimene ukudziwa kale. Amene wayamba nayo amangoona mkazi akuzungulira m'nyumba yakale kufunafuna makiyi.

Chowonjezera china ndi cha nthabwala: mathero achisanu ndi chimodzi, mmene Harry Mason wa mu gemu yoyamba amatulukira limodzi ndi zolengedwa za kuthambo n'kumunyamula James. Gemuyi inali kale ndi mathero ena oseketsa, a galu amene amapezeka kuti ndiye ankayendetsa zonse atakhala pa makina. Anthu amene amalemba za chisoni chozama chonchi amafunanso poseka.

Tsopano za ntchito yanga. Anthu amaganiza kuti makina amphamvu ndiye kuti chithunzi chabwino. Xbox inali ndi RAM, malo amene makina amasungamo zimene akugwiritsa ntchito panthawiyo, ya 64 MB pamene PlayStation 2 inali ndi 32 MB, ndipo pa zinthu zina mphamvuyo imaonekadi. Kuwala kwa tochi ya James ndi chitsanzo. Chilichonse mu gemu chimamangidwa ndi timakona atatu tambirimbiri. PlayStation 2 imawerengera kuwala pa nsonga za timakonato n'kupaka pakati mongoyerekeza, moti ukaunika khoma, mphepete mwa kuwalako mumagwedera. Xbox imawerengera kadontho kalikonse ka chithunzi, ndipo kuwala kumakhala kozungulira bwino. Koma chifunga chinapepuka. Chifunga cha Silent Hill chili ndi mbiri yake: pa PlayStation yoyamba, ya RAM ya 2 MB yokha, makina sankatha kujambula msewu wonse, ndiye opanga anabisa kufookako ndi chifunga ndi mdima. Ukaipa dziwa nyimbo, amatero akuluakulu, ndipo nyimboyo inasanduka chizindikiro cha gemu yonse. Pa yachiwiri anachikonza mosanjikiza, chothinana ndiponso choyenda, mogwirizana ndi mmene PlayStation 2 imathamangira popaka zinthu zoonekera mkati, zina pamwamba pa zinzake. Xbox inamangidwa mwa njira ina, yofanana ndi kompyuta wamba, ndipo chifungacho sichinasamuke chonse. Kusamutsa pulogalamu kuli ngati kusamutsa katundu wa m'nyumba ina kupita m'ina: bedi lilowa, koma kabati imene kalipentala anaikhomera pakhoma lakale iyenera kuphwasulidwa.

Umboni wowawa unabwera mu 2012, pamene Konami inatulutsa Silent Hill HD Collection pa PlayStation 3 ndi Xbox 360. Ntchitoyo anaipereka kwa kampani ya Hijinks Studios, ndipo zinadziwika kuti khodi imene anapatsidwa, ndiye kuti malamulo olembedwa amene amapanga pulogalamuyo, siinali yomaliza, inali ya gemu isanamalizidwe. Anayenera kulimbana ndi zolakwika zimene Team Silent inali itakonza kale zaka khumi m'mbuyomo. Chifunga chinachepa mpaka malo ena munthu n'kumaona pamene dziko la gemu lathera, zinthu zimene zinayenera kubisika. Ine sindinawaseke. Ndinapatsidwapo ntchito yokonzanso pulogalamu ya ofesi ina, n'kupeza kuti mafayilo amene anasunga ndi akale ndi miyezi ingapo kuyerekeza ndi pulogalamu imene ankagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo amene anailemba anachoka kalekale. Ndinatha milungu ndikukonza zinthu zimene munthu wina anakonza kale. Kusiyana kwake n'kwakuti ine sindinaonedwe ndi dziko lonse.

Ngakhale gemu yomangidwanso kuchokera pansi ndi kampani ya ku Poland ya Bloober Team, imene inatuluka mu Okutobala 2024 pa PlayStation 5 ndi pa kompyuta, inafika pamsika ilibe nkhani ya Maria. Ndiye chimbale chakale chija chikadali ndi ntchito.

Mnzanga uja ndinamuuza kuti asunge onse awiri ngati malo alipo, koma ngati n'kugulitsa limodzi, agulitse loyamba. Director's Cut ya PlayStation 2 ili ndi chifunga cha makina amene gemuyi inabadwira komanso ola la Maria. Zimbale zambiri zimene zimafika kuno kudzera ku Britain kapena ku South Africa ndi za mtundu wa PAL, wofanana ndi wa ku Ulaya, ndiye dzina loyang'ana pabokosi ndi Director's Cut; za ku America zowonjezerazi zili pa bokosi la Greatest Hits, koma sizisewera pa makina a PAL osasinthidwa. Mabokosi a kaunjika amasokonezeka, chimbale china m'bokosi lina, choncho musanalipire muuzeni wogulitsa aiyatse. Mukasankha kuyamba gemu yatsopano payenera kuoneka nkhani ziwiri, Letter from Silent Heaven ndi Born from a Wish. Ikangokulowetsani kwa James ali m'chimbudzi akudziyang'ana pagalasi osakufunsani nkhani imene mukufuna, chimenecho ndi chimbale choyamba.