Dziko lilibe denga, nanga mpweya suthawa bwanji?

Funsoli anandifunsa mnyamata wa Fomu 3 kuno ku Kasungu, tili m'kalasi ya fizikisi. Anzake anamuseka. Ine sindinaseke, poti mpweya umathawadi, kungoti pang'onopang'ono.

Taonani mayi akupeta ndi lichero: mankhusu amauluka, chimanga n'kubwerera. Mpweya nawo ndi tinthu ting'onoting'ono tosaoneka, tina tolemera, tina topepuka, tonse tikungothamanga osapuma, ndipo kukatentha liwiro lake limakula. Dziko limakoka tinthu timeneti ndi mphamvu yomwe ija imagwetsa mango mumtengo. Kuti kanthu kachoke osabwereranso, kayenera kuthamanga makilomita 11.2 pa sekondi imodzi. Pa liwiro lotere, kuchoka pa Kasungu boma mwafika ku Lilongwe m'masekondi pafupifupi 12. Naitirojeni ndi okosijeni, zimene zimapanga magawo 78 ndi 21 pa 100 aliwonse a mpweya wathu, n'zolemera ndipo sizifikapo pamenepo. Mankhusu athu ndi haidirojeni ndi hiliyamu. Kumtunda kwenikweni, kumene dzuwa limawotcha kwambiri, zina mwa izo zimapulumuka.

Ku Mwezi, poti ndi waung'ono, makilomita 2.4 pa sekondi ndi okwanira kuthawa, ndipo masana kumatentha kupitirira madigiri 100. N'chifukwa chake kulibe mphepo yofufuta mapazi a anthu amene anapondako kuyambira mu 1969.

Ana ambiri akamva izi amathamangira kulemba kuti nkhani ndi kukula kwa dziko basi, ndipo ndimawadula malikisi. Titan, mwezi wa dziko lina lozungulira dzuwa lotchedwa Saturn, mphamvu yake yokoka siiposa ya Mwezi wathu, koma uli ndi mpweya wa naitirojeni wothithikana kuposa wa kuno. Chinsinsi n'kuzizira: kumafika madigiri 179 pansi pa ziro, moti tinthu tija timayenda ngati bilimankhwe.

Mars, dziko lina loyandikana ndi lathu, ndiye anachita tsoka. Makwawa ouma amene ali kumeneko akusonyeza kuti kale kunkayenda madzi, zimene zimafuna mpweya wochuluka. Koma Mars ndi wamng'ono, ndipo mphamvu ya maginito imene inkamutchinga inazilala kalekale. Chombo cha NASA, bungwe la ku America lofufuza za kuthambo, chotchedwa MAVEN, chimene chinafika kumeneko mu 2014, chinapeza kuti tinthu touluka kuchokera ku dzuwa tikukokololabe mpweya wake. Wotsalawo sukwana ngakhale gawo limodzi pa 100 a mpweya wa kuno.