Sikirini ikamathima yokha, musathamangire ku Never

Pa ntchito yanga yokonza makompyuta, dandaulo lomwe ndalimva kambirimbiri ndi lakuti "laputopu yanga yawonongeka, ndikangoisiya pang'ono sikirini imathima." Ndimangogwedeza mausi, sikirini n'kuyaka, ndiye timayang'anizana. Sinawonongeke ayi, ikungochita zomwe inauzidwa. M'kati mwake muli kawotchi kowerenga nthawi yomwe yadutsa musanakhudze kiyibodi kapena mausi, nthawiyo ikakwana imathimitsa sikirini, basi. Ndipo kawotchi kameneka mutha kukasintha nokha, sizofuna katswiri.

Koma tisanafike podina, pali zinthu zitatu zomwe anthu amaziphatikiza ngati chimodzi, ndipo chisokonezo chonse chimayambira pamenepa. Pali kuthima kwa sikirini, pali kugona kwa kompyuta, komwe pa masetingi amalemba Sleep, ndiye pali kuloka. Sikirini ikathima ndi sikirini yokhayo yapuma, m'kati ntchito ikupitirira, fayilo yomwe mumadawunilodi ikubwerabe, nyimbo zikulirabe. Kompyuta ikagona ndiye nkhani ina, pulosesa, yomwe ndi ubongo wa kompyuta, imaima, magetsi pang'ono okha amatsala kuti RAM, kachipangizo kosunga zomwe mukugwiritsa ntchito pa nthawiyo, isaiwale zomwe munatsegula, ndiye dawunilodi yanu ija imaima panjira ndithu. Kuloka ndi kuja imakufunsani pasiwedi kapena PIN mukabwerera. Sikirini yakuda sikutanthauza kuti kompyuta yalokeka, izi muzisunge bwino. Ndaonapo munthu akusiya imelo ya kuntchito ili pululu, kupita kukadya mtima uli m'malo poti sikirini yathima, pomwe aliyense wodutsa akangogunda tebulo zonse zimaonekera.

Tsopano posinthira. Pa Windows 11 dinani batani la Windows limodzi ndi I, Settings itseguka, pitani pa System kenako Power & battery, ngati ndi kompyuta ya patebulo mupeza pangolembedwa Power. Pamenepo pali gawo la sikirini ndi kugona, dzina lake limasinthasintha malinga ndi apudeti, pena Screen and sleep, pena lalitaliko lotchulanso hibernate, koma zam'kati ndi zomwezo. Pa Windows 10 ndi System kenako Power & sleep. Pa laputopu muona nthawi ziwiriziwiri, ina ya pamene ili pa batire ina ya pamene ili pa chaja, ndipo apa ndi pomwe ambiri amapusitsika, amasintha ya pa chaja yokha kenako n'kumadabwa kuti bwanji ikuthimabe akachotsa chaja. Zisintheni zonse.

A Mac, kuyambira macOS Ventura ya 2022 zinasamukira ku System Settings, pa Lock Screen, mupeza mzere woti Turn display off on battery when inactive ndi unzake wa pa chaja. Ma Mac akaleko ndi System Preferences, pa Battery kapena Energy Saver. A Ubuntu ndi Settings, Power, Screen Blank, imabwera ili pa mphindi 5.

Nanga muike mphindi zingati? Ine ndimati pa batire sikirini izithima pakatha mphindi 3 mpaka 5, pa chaja 10 kapena 15, koma kugona kuikidwe patali kuposa apo, mwina mphindi 30 kapena ola ngati mumakonda kusiya zinthu zikudawunilodi. Chifukwa chake n'chakuti pa laputopu sikirini ndi chimodzi mwa zinthu zodya batire kwambiri, makamaka kuwala kukakhala kokweza, ndiye kuisiya ikuwalira mpando wopanda munthu ndi kutaya batire chabe. Komanso kuiyatsa sikuvuta, kungokhudza batani lililonse yabwerera, pomwe kompyuta yogona imayamba yadzuka kaye, kulumikizanso Wi-Fi, zina mpaka kuchedwerapo.

Ndiye pali Never uja, yemwe mukamusankha m'malo mwa mphindi sikirini sithimanso yokha. Munthu akakwiya kuti sikirini yamuthimira ali pakati powerenga chikalata chachitali, amapita kukaika Never paliponse n'kuiwala. Ndikumvetsa, zimanyansa eti, ukuwerenga bwinobwino kenako mdima, chifukwa kompyuta sidziwa kuti maso ako ali pompo, imangomva zala basi. Koma mankhwala ake ndi kuwonjezera mphindi, osati kuchotseratu kawotchi. Laputopu ya Never mukaiiwala yosapinda usiku muipeza batire ili ziro m'mawa, ndipo ngati sikirini yake ndi ya OLED, mtundu womwe kadontho kalikonse kamawala kokha popanda nyali ya kumbuyo, pali vuto linanso, chithunzi chikakhala malo amodzi nthawi yaitali mobwerezabwereza, ngati kamzere ka pansi ka Windows kaja, chimatha kusiya chipsera chosachoka. Never ali ndi nthawi yake, mukamaonetsa zinthu pa pulojekita mwachitsanzo, koma mukamaliza m'bwezereni.

Zoonera filimu musadandaule nazo, mapulogalamu ambiri oonera vidiyo ndi mabulawuza amaiuza okha kompyuta kuti isathimitse sikirini vidiyo ikamasewera.

Pali ena amati "ine ndinaika screensaver ndiye ndikusunga magetsi." Ayi ndithu. Screensaver inapangidwira masikirini akale aja a chimutu kumbuyo, a CRT, omwe chithunzi chikakhalitsa chinkapsereza galasi m'kati, ndiye ankaika tizithunzi toyendayenda kuti malo amodzi asapse. Pa sikirini ya LCD, mtundu womwe uli pa malaputopu ambiri, nyali ya kumbuyo imakhala ikuyakabe screensaver ikamavina, magetsi akupita chimodzimodzi. Ngati mumaikonda chifukwa chokongola palibe mlandu, koma musamadzinamize kuti batire ikupuma.

Za kuloka, ine sindidalira kawotchi. Ndikamanyamuka pa mpando ndimadina Windows ndi L, pa Mac ndi Control, Command ndi Q, sekondi imodzi yatha, chala chinazolowera moti ndimachita osaganiza. Muonenso pa Settings, Accounts, Sign-in options kuti Windows izifunsa pasiwedi mukachokapo, poti makompyuta ena amadzuka n'kulowa okha osafunsa kanthu.

Ngati ndi kompyuta ya kuntchito ndipo masetingi amenewa ali otuwa, sakudinika, sikuti yawonongeka, a IT anamanga dala kuti malamulo akhale amodzi kwa onse. Kakambiraneni nawo, musayambe kudawunilodi timapulogalamu togwedeza mausi, mudzaputa nkhani.

Vuto losiyana nalo limabweranso, sikirini yokana kuthima ngakhale mwaika mphindi 5. Nthawi zambiri pali pulogalamu yomwe yagwira kompyuta kuti isapume, kaya ndi tabu ya vidiyo yomwe munaiiwala mu bulawuza, kaya pulogalamu ya misonkhano. Pa Windows tsegulani Command Prompt, kazenera kolembamo malamulo a kompyuta, posankha Run as administrator, lembani powercfg /requests, muyang'ane pansi pa DISPLAY, wolakwayo amalembedwa pompo ndi dzina lake. Pakalembedwa None ndiye kayikirani zomwe mwalumikiza. Kompyuta ina inandizunguza mutu masana onse, masetingi ali bwinobwino, powercfg ikuti palibe kanthu, kenako ndinaona kamuvi ka mausi kakunjenjemera kokha pang'onopang'ono. Mausi inali pa tebulo lagalasi, kuwala kwake kwa pansi kukusokonezeka, kompyuta n'kumayesa kuti munthu alipo. Tinangoyala pepala pansi pa mausi, patatha mphindi 5 sikirini inathima.