Kodi Kirk wa ku Kirk Range uja anali ndani?

Tonse tinaloweza ku pulayimale kuti chaku Neno mpaka Ntcheu uko kuli mapiri a Kirk Range, koma aphunzitsi ankangoti "anali mnzake wa Livingstone" basi nkhani yathera pomwepo.

John Kirk anabadwa mu 1832 ku Scotland, udokotala anaphunzira ku Edinburgh, ndipo mu 1855 anapita kukasamalira asilikali ovulala ndi odwala pa nkhondo ya ku Crimea, pa chipatala cha Renkioi ku Turkey. Koma mkuluyu mtima unali pa zomera, akangopeza kampata ankalowa m'mapiri kukatola timaluwa nkumaumitsa. Nde mu 1858 Livingstone akunyamuka ulendo wa ku Zambezi anamutenga kuti akhale dokotala wa gulu komanso aziona zomera zoti azungu angapangire bizinezi, apa nkuti ali ndi zaka 25 zokha. Mu 1859 anafika naye ku Chilwa kenako ku nyanja ya Malawi. Chaka chotsatira bwato la Kirk linagubuduka pa mathithi a Cahora Bassa mu mtsinje wa Zambezi, zolemba ndi zojambula zake zambiri zinapita ndi madzi, iye anapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Sikuti ankangomuombera m'manja bwana wakeyo ayi, mu dayale yake anafika polemba kuti Livingstone mutu sukuyenda bwino.

Koma nkhani imene imandisangalatsa ine ndi ya kombe. Amang'anja a ku Shire ankapaka ulembe ku mivi, nyama ikalasidwa siimapita patali, ndipo Kirk anafufuza mpaka anapeza kuti ulembewo umachokera ku njere za chomera choyanga chotchedwa kombe. Anaika pang'ono m'thumba momwenso munali mswachi wake. Potsuka mano anamva kuwawa mkamwa, iye nkumati mwina ndi kwinini, kenako anazindikira kuti mtima wayamba kugunda pang'onopang'ono. Munthu wamba akanangolavula nkuiwala koma uyu anali dokotala, anadziwa kuti apa pali mankhwala. Patapita zaka Thomas Fraser wa ku Edinburgh anatulutsamo strophanthin, mankhwala a mtima, mpaka njere za kombe zinkagulitsidwa kunja kuchokera ku Nyasaland. Chomeracho anachitcha Strophanthus kombe, bola dzina lathu linatsalako, koma alenje amene ankachidziwa kalekale Kirk asanabadwe palibe phiri lomwe linatchedwa dzina lawo.

Kuchoka mu 1866 anakakhala ku Zanzibar, ndipo mu 1873 ali kazembe wa Britain anakakamiza Sultan Barghash kutseka msika wa akapolo, msika womwe unkameza anthu ambiri ochokera kwathu kuno. Anamwalira mu 1922 ku Sevenoaks ku England.

Ndipo si mapiri okha, masuku omwe timagula m'mabeseni m'mbali mwa msewu dzinja likamayamba aja, m'mabuku a sayansi ndi Uapaca kirkiana, Kirk yemweyo.