Sitima zankhondo zimene zinafika ku nyanja zili pamutu pa anthu

Kuno ku Kasungu nkhani ya sitima timaiyesa ya anzathu a kunyanja. Koma amene anatsikapo ndi msewu wa M18 akudziwa kuti Nkhotakota sili patali, ndipo kale amalonda a minyanga ndi akapolo ankalowera komweko popita kwa Jumbe. Asilikali amene anagonjetsa Mwase Kasungu mu Disembala 1895 anachokera ku Nkhotakota komweko, ndipo pambuyo pake atsamunda anamanga linga la Fort Alston. Chimene chinawalimbitsa mtima kuti akhazikike m'mbali mwa nyanja n'kuyamba kulowa kumtunda ndi sitima zimene zinkawabweretsera asilikali, mfuti ndi zipolopolo. Choncho mbiri ya sitimazi ndi yathunso.

Vuto loyamba linali kufikitsa sitima ku nyanja. Kuchokera ku Chinde, kumatsiriro a Zambezi, madzi ankalola kuyenda mpaka cha ku Chikwawa. Kuchoka apo mtsinje wa Shire uli ndi mathithi pamtunda wa makilomita pafupifupi 100, ndipo palibe chombo chingakwere. Ndiye sitima iliyonse ya pa nyanja yathu inkapangidwa moganizira mutu wa munthu. Ku Britain ankaimanga yonse pamtunda, koma poilumikiza ndi mabawuti ongogwirizira. Chitsulo chilichonse ankachilemba nambala, kenako n'kuiphwasula. Katundu ankamugawa m'mitolo ya makilogalamu pafupifupi 25, yoti munthu mmodzi asenze. Umu ndi momwe Ilala yoyamba ija inadutsira mathithi mu 1875, itasenzedwa ndi anthu mazanamazana. Mu 1893 sitima ziwiri zazing'ono zankhondo, Pioneer ndi Adventure, zopangidwa ndi kampani ya Yarrow, zinafika mwa njira yomweyo kudzalimbana ndi zombo za ogulitsa akapolo.

Kulumikizanso ndiyo inali ntchito yeniyeni. Ankayamba ndi msana wa sitima, kenako n'kuimika nthiti zake, kenako n'kukuta ndi zitsulo zaphanthiphanthi. Nthawi imeneyo kuwotcherera kunalibe, zonse zinkagwira ndi misomali yonenepa yotchedwa rivet. Wina amauwotcha msomaliwo mpaka kufiira, wina amaulowetsa pabowo, wina amautsamira ndi chitsulo cholemera kumbuyo, pomwe wina akuusula ndi hamala kutsogolo mpaka utapanga mutu. Ukamazizira umafupika, ndipo kufupikako ndi kumene kumakoka zitsulo ziwiri kuti zigwirane zolimba. Mukachedwa msomali n'kuzizira musanausule, umakhala wogwedera ndipo madzi amalowera pomwepo. Mabowo akapanda kulunjikana chifukwa chitsulo chinapindika paulendo, pamafunika kuchiwongola kaye. Pomaliza ankadutsa ndi tchizulo m'mphepete mwa chitsulo chilichonse kutseka mipata.

Zikasokonekera, zinkasokonekera kwambiri. Sitima ya mishoni ya Chauncy Maples, imene pambuyo pake inanyamula asilikali pankhondo, inabwera m'zidutswa 3,481. Zitsulo zake anazikuta ndi chitsulo cha zinki choteteza dzimbiri atalemba kale manambala, moti manambala aja anakwiririka. Amisiri anachita kuyesa chidutswa ndi chidutswa, ndipo inalowa m'madzi mu 1901 patatha zaka ziwiri. Boyila yake, yolemera matani 11, sinkatheka kuigawa. Anaikweza pangolo n'kumakokedwa ndi amuna 450 kudutsa mapiri ndi makwawa. M'mabuku ambiri mayina olembedwa ndi a oyendetsa sitima, koma amene anatuluka thukuta ndi awa.

Boyila ndiyo inali mtima wa sitima. Moto umawiritsa madzi, nthunzi imakankha injini, injini imazunguza pulopela. Malasha kunalibe pafupi, choncho ankasonkhezera nkhuni. Nkhuni zimadya malo ambiri koma moto wake ndi wochepa poyerekeza ndi malasha, n'chifukwa chake m'mbali mwa nyanja munali malo oimapo kuti apakire nkhuni, zodulidwa ndi anthu a m'midzi. Nkhuni zikakhala zaziwisi nthunzi imatsika ndipo sitima imafooka, zomwe ndi zoopsa mwera ukakuntha, chifukwa sitima yopanda mphamvu imatembenuzidwa chammbali n'kumamenyedwa ndi mafunde. Wosonkhezera moto ankayeneranso kuyang'anitsitsa mlingo wa madzi m'boyila. Madzi akatsika n'kusiya chitsulo cha pamwamba pa moto chili chouma, chitsulocho chimafewa ndipo boyila imatha kuphulika.

Ajeremani nawo anabweretsa sitima yawo, Hermann von Wissmann, yopangidwa ku Hamburg, imene anailumikiza pa Mpimbi ku Shire mu 1893. Poyamba Ajeremani ndi Angerezi ankathandizana, moti mu 1895 sitima ya Ajeremaniyi inanyamula nawo asilikali a Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, popita kukamenyana ndi Mlozi, wogulitsa akapolo, ku Karonga. Mu 1899 Angerezi anaika m'madzi Guendolen pa Fort Johnston, pomwe lero ndi Mangochi. Inali yolemera matani oposa 300, yaikulu kuposa zinzake zonse zankhondo pa nyanjapo.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba mu Ogasiti 1914, imene makolo athu ankaitcha nkhondo ya Chiwaya, uthenga unafika ku Zomba pa lamya. Captain Rhoades, woyendetsa Guendolen, analamulidwa kuti akasake Wissmann. Anaipeza chapakati pa mwezi womwewo pa Sphinxhaven, pomwe lero ndi Liuli ku Tanzania, itakokeredwa kumtunda kuti ikonzedwe. Woyendetsa wake, Captain Berndt, yemwe anali mnzake wa Rhoades, anali asanamve kuti kwabuka nkhondo. Guendolen inali ndi mzinga wa Hotchkiss woponya chipolopolo cha pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Kuwombera uli pamadzi si kofanana ndi pamtunda, chifukwa sitima ikapendekeka pang'ono chabe, chipolopolo chimakagwera kutali ndi pomwe walunjika. Zingapo zinaphonya chimodzi chisanamenye. Berndt anapalasa bwato kudzafunsa chimene chalakwika, ndipo anagwidwa pomwepo. Angerezi anachotsa mfuti ndi zida zina za injini kuti sitimayo isayende, ndipo mu Meyi 1915 anabwereranso kudzaiwononga kwambiri. Ambiri amaiwerenga nkhondo ya pa Liuli ngati chipambano choyamba cha Britain pamadzi m'nkhondo imeneyo.

Anthu amakonda kuisimba ngati nthabwala, koma zotsatira zake zinali zolemera. Panthawiyo misewu yolowera kumpoto inali yovuta, ndipo amene ali ndi sitima ndiye ankatha kusuntha gulu la asilikali kuchoka ku Mangochi kufika ku Karonga m'masiku owerengeka. Wissmann italeka kuyenda mu Ogasiti muja, asilikali a King's African Rifles anakwera sitima mosaopa chilichonse, ndipo pa 9 Seputembala 1914 anabweza Ajeremani pa Karonga. Apa ndi pomwe pamaonekera kuti mphamvu ya sitimazi sinali mumzinga, koma m'katundu amene zinkanyamula.

Komabe sitima imathera padoko. Kuchoka apo chakudya, zipolopolo ndi mahema zinkabwereranso pamutu pa anthu. Boma la atsamunda linkatenga amuna m'midzi kudzera mwa mafumu kuti akagwire ntchito ya mtengatenga, ndipo zigawo za kumtunda ngati kwathu kuno sizinasiyidwe. Ambiri anafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi malungo, osaona n'komwe mdani.

Guendolen anaiphwasula m'zaka za m'ma 1940, koma mzinga wake ulipo mpaka lero ku Mangochi, pafupi ndi chipilala cha wotchi chokumbukira Mfumukazi Victoria, m'mbali mwa mlatho wa pa Shire. Asilikali athu a pamadzi a Malawi Defence Force ali ku Monkey Bay. Nayo nkhani ya malire a nyanja pakati pa Malawi ndi Tanzania imabwererabe ku pangano la mu 1890 la Britain ndi Germany, limene linaika malire m'mphepete mwa gombe la kum'mawa, gombe lomwelo pomwe Wissmann inali itakokeredwa kumtunda.