Kuchuluka kwa ma megapixel si kukongola kwa chithunzi

Mwina munamvapo ogulitsa akunena kuti kamera ya ma megapixel ambiri ndiyo imajambula bwino. Ambiri amene akuyamba kumene kujambula amagula kamera yaing'ono ya m'thumba poyang'ana nambala imeneyi basi. Zimenezi si zoona, ndipo zimandipweteka kuona munthu akutaya ndalama zimene anasunga movutikira.

Megapixel ndi chiwerengero chabe cha timadontho topanga chithunzi. Kuti mutsukitse chithunzi choika mu alibamu, ma megapixel 3 akwanira. Chachikulu ngati pepala la A4, pafupifupi 9.

Chofunika kwenikweni ndi kukula kwa sensa, kachipangizo kolandira kuwala mkati mwa kamera. Timadontho tikathithikana pa sensa yaing'ono, chithunzi cha madzulo kapena cha m'tchalitchi chimatuluka ngati chawazidwa mchenga. Kamera ya m'thumba ya Sony RX100 ya mu 2012 ili ndi ma megapixel 20 okha, koma sensa yake ndi yokulirapo kuposa ya makamera ambiri a m'thumba, n'chifukwa chake imachita bwino kuwala kukachepa. Makamera ena otchipa amangofufumitsa chithunzi ndi pulogalamu kuti nambalayo ioneke yaikulu.

Musanalipire, jambulani munthu m'sitolo momwemo pamalo amdima, kenako kulitsani chithunzicho muone ngati maso ake akuoneka bwino.